Maso amawadziwa mawu, makutu amawakana: nkhondo ya Chingerezi m'mayunivesite a ku China

Kawiri pachaka, Loweruka lina mu June ndi lina mu December, ophunzira mamiliyoni m'sukulu zaukachenjede za ku China amalawirira m'zipinda zolembera mayeso atanyamula chiphaso, pensulo ndi mahedifoni. M'sukulu zambiri mahedifoniwo si awa timalumikiza ku foni. Ndi okhala ndi kawailesi mkati, oyendera mabatire, ndipo sukulu imaulutsa mayeso pa FM monga imachitira wailesi ya m'dera. Batire likakutherani pakati, zanu zada.

Mawu amaulutsidwa kamodzi kokha. Palibe kubwereza, palibe "pepani sindinamve bwino". Kwa mphindi 25 wophunzira amamvetsera nkhani za pawailesi, anthu awiri akucheza komanso ndime zina zowerengedwa, uku akusankha mayankho a mafunso 25. Wolankhula akangotseka pakamwa, oyang'anira amatolera pepala la mayankho pompo. Amene amati adzaza bwino pamapeto amangoona pepala likupita.

Awa ndi mayeso a College English Test, omwe aliyense kumeneko amangowatchula kuti CET. Ali pawiri. CET-4, yomwe idayamba mu 1987, imalembedwa m'mawa, ndipo CET-6, yovutirapo, yomwe idabwera mu 1989, imalembedwa masana a tsiku lomwelo. Olemba si omwe akuphunzira Chingerezi ngati kosi yawo ayi, amenewo ali ndi mayeso awoawo. Ndi ophunzira uinjiniya, udokotala, zaulimi, zamalamulo, zowerengera ndalama. Malikisi onse ndi 710, ndipo nambala yomwe imasowetsa anthu tulo ndi 425. Ukapanda kufika pamenepo pa CET-4 sungalembe CET-6, ndipo mabwana ambiri olemba ntchito amatenga 425 yomweyo ngati mzere wa kukhoza.

Pa malikisi amenewa, 35 peresenti ndi ya kumvetsera, 35 peresenti ina ndi ya kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso. Chimangirizo chili ndi 15, kumasulira ndime kuchoka m'Chitchaina kupita m'Chingerezi 15. Apa ndiye kuti makutu ndi maso apatsidwa mtengo wofanana. Koma mukamva madandaulo a ophunzirawo, mupeza kuti ziwalo ziwirizi sizidakule limodzi. Ambiri amafika ku yunivesite maso ali patsogolo kwambiri, makutu akukwawa m'mbuyo.

Wophunzira wa chaka choyamba amakhala kuti wakhala pa Chingerezi zaka pafupifupi khumi. Kuyambira mu 2001 boma la China lidalamula kuti phunziroli liziyamba m'kalasi lachitatu ku pulayimale. Pa gaokao, mayeso olowera ku yunivesite omwe mu 2024 adalembetsa anthu oposa 13 miliyoni, chiyankhulo chakunja chili ndi malikisi 150 pa 750 m'zigawo zambiri, chimodzimodzi masamu ndi Chitchaina chomwe. Ndiye palibe anganene kuti ana amenewa salimbikira. Amaloweza mawu m'basi, pamzere wa chakudya, ngakhale m'bandakucha kunja kukuzizira.

Vutoli adalipatsa dzina okha. Amati yaba yingyu, kutanthauza Chingerezi chosalankhula, ndipo chinzake ndi longzi yingyu, Chingerezi chogontha. Munthu woti akhoza kukufotokozerani malamulo a galamala mpaka inu kugwira pakamwa, koma mlendo akamufunsa njira yopita kokwerera sitima amangomwetulira.

Funso ndi lakuti zimatheka bwanji kuti mawu omwe ukuwadziwa bwinobwino papepala akudutse m'khutu osawazindikira. Mu 2000 katswiri wina wa ku Singapore, Christine Goh, adafalitsa kafukufuku yemwe adachita pa ophunzira ochokera ku China omwe ankaphunzira Chingerezi kumeneko. Adawauza kuti azilemba zomwe zikuwavuta akamamvetsera. Mwa madandaulo omwe adabwera kawirikawiri mudali awa: kusazindikira mawu omwe amawadziwa kale, kuiwala msanga zomwe angomva, komanso kuphonya chiganizo chotsatira chifukwa mutu udakali kulimbana ndi choyamba. Taonani kuti apa nkhani si kuchepa kwa mawu m'mutu. Mawuwo alimo, koma adalowera pakhomo la maso, ndiye akagogoda pakhomo la khutu mwini nyumba sakuwadziwa.

Chifukwa china chili m'kapangidwe ka ziyankhulo ziwirizi, ndipo pano ife olankhula Chichewa tikhoza kuwamvetsa Atchaina kuposa momwe Mngerezi angawamvetsere. M'Chimandarini, chomwe ndi Chitchaina cha kusukulu ndi pawailesi, chilembo chilichonse ndi phatikizo limodzi. Phatikizolo limathera ndi liwu ngati a, e, i, o, u, apo ayi n kapena ng, ndipo mwa apo ndi apo r. Kuunjika malembo opanda liwu atatu pamodzi ngati mu "street" kapena "texts" kulibe. N'chifukwa chake mawu akunja akalowa m'Chitchaina amawamasula mfundo: "bus" amati bashi, "chocolate" amati qiaokeli, McDonald's amati Maidanglao. Si zomwe tidachita ife ndi sukulu, buku, tebulo ndi sitolo? Khutu lomwe lidakula choncho limayembekezera kuti phatikizo lililonse limveka lonse, loyera, lolekana ndi linzake.

Chingerezi cholankhula sichiyenda motero. Chimakweza maphatikizo ena n'kupondereza ena mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. Timawu ngati "to", "of", "and", "can" ndi "have" timangomveka ngati kampweya. Mawu amalumikizana: "an apple" imamveka ngati "a napple", "did you" imasanduka "dija", "want to" imakhala "wanna". Papepala pali mipata pakati pa mawu, koma m'kamwa mwa munthu mulibe mipata. Womvetsera ndiye amayenera kudula yekha mtsinjewo kuti apeze pomwe liwu lina lathera ndi pomwe lina layambira, ndipo ali ndi kanthawi kosakwana sekondi kuti atero.

Ndiye tangoganizani mwana yemwe adaphunzira liwu loti "comfortable" poliona pamndandanda, pambali pake pali tanthauzo m'Chitchaina. M'mutu mwake adalisunga ndi maphatikizo anayi omveka onse. Tsiku la mayeso wolankhula akulitchula ndi atatu, mothamanga, litamatirira ku liwu lina. Mwanayo akumva chinthu chachilendo. Mukamuonetsa pepala pambuyo pake amadzimenya pachipumi: aa, ndi limeneli?

Ineyo zoterezi ndikuzidziwa. Chingerezi cha MSCE ndidakhoza bwino ndithu, ndipo ku koleji zonse tinkaphunzira m'Chingerezi. Koma tsiku lomwe ndidayesa kumvetsera wosewera mpira wobadwira ku Liverpool akuyankha mafunso masewero atatha, ndidatolapo mawu osapitirira asanu, awiri mwa iwo adali maina a anzake. Kusiyana kwake n'kwakuti ife Chingerezi timakumana nacho pawailesi, kutchalitchi, kubanki ndi m'makalasi a maphunziro ena onse. Wophunzira wa ku Lanzhou kapena ku Zhengzhou masamu, sayansi, nkhani, nyimbo, magemu ndi intaneti yake yonse zili m'Chitchaina. Akatuluka m'kalasi la Chingerezi akhoza kutha sabata osamvanso chiganizo chimodzi. Pamwamba pa izo, kwa zaka zambiri zigawo zina zinkalembetsa gawo la kumvetsera pa gaokao koma osawerengera malikisi ake pa chiwerengero chonse. Mphunzitsi wanzeru zake, ali ndi ana 50 kapena 60 m'kalasi ndipo mayeso ali pakhomo, angataye nthawi pa chinthu chopanda malikisi?

Akuluakulu a maphunziro adaliona vutoli ndipo adaganiza zolithetsa pogwiritsa ntchito mayeso omwewo. Pa kusintha komwe kudalengezedwa mu 2005, gawo la kumvetsera lidakwezedwa kuchoka pa 20 kufika pa 35 peresenti, ndipo m'malo mwa satifiketi ya kukhoza adayamba kupereka pepala longosonyeza malikisi. Mu 2016 adasinthanso. Adachotsa timacheza tatifupitifupi tomwe ophunzira adali atatizolowera, n'kuikamo nkhani za pawailesi pa CET-4 ndi zokamba za mtundu wa lekichala pa CET-6. Ganizo lidali loti mayeso akafuna khutu, makalasi aphunzitsa khutu.

Mbali ina zidathandiza. Koma mayeso aliwonse okhala ndi A, B, C, D amabala akatswiri a njira zachidule, ndipo China ili nawo ochuluka. Makalasi olipira komanso mavidiyo a pa Bilibili amaphunzitsa kuwerenga mayankho mawu asanayambe kuulutsidwa, kulosera funso, ndi kusankha yankho lomwe mawu ake wawamva akutchulidwa kwambiri. Pali mpaka nthabwala yodziwika m'dziko lonselo yoti mayankho atatu akakhala aatali usankhe lalifupilo, atatu akakhala aafupi usankhe lalitalilo, zikakukanika usankhe C. Munthu akhoza kufika pa 425 ndi nzeru zoterezi kuphatikiza mapasipepa. Chomwe sangathe ndi kutsatira mphunzitsi wa ku Glasgow kapena kasitomala wa ku Lagos pafoni. Liwiro la CET-4 ndi mawu pakati pa 120 ndi 140 pa mphindi, otchulidwa bwino ndi anthu owerenga papepala mu situdiyo. Anthu akamacheza zenizeni amathamanga kuposa apo, amadulana mawu, amayamba chiganizo n'kuchisiya panjira.

Tsono tisanamizane kuti kuwerenga kuli bwino kwambiri. Kuli bwino poyerekeza ndi kumvetsera basi. Kalasi la Chingerezi ku China lidamangidwa pa chomwe amati jingdu, kuwerenga mofatsa: ndime imodzi yaifupi, mphunzitsi n'kuisenda liwu ndi liwu, chiganizo ndi chiganizo, kumasulira chilichonse, mwina sabata yathunthu. Njirayi imatulutsa anthu osamala kwambiri, odziwa kuphwanya chiganizo chovuta. Koma imawazoloweretsanso kuti kuwerenga ndi kumasulira m'mutu, ndipo kuti liwu lililonse lachilendo ndi chipika choti uime, utsegule dikishonale. Pa CET-4 gawo la kuwerenga lili ndi mafunso 30 m'mphindi 40, kuphatikizapo nkhani imodzi ya mawu pafupifupi 1,000. Womasulira m'mutu nthawi imamuthera ali pakati. Akapita kukachita digiri yachiwiri n'kupatsidwa mapepala a kafukufuku khumi kuti awerenge pofika Lolemba, m'pomwe amadziwa kuti sadaphunzirepo kuwerenga mothamanga.

Palinso masamu ena owawa. Paul Nation, katswiri wa ku New Zealand pa nkhani ya mawu, adawerengera mu 2006 kuti munthu amve nkhani payekha popanda thandizo amafunika kudziwa mawu 98 pa 100 aliwonse a m'nkhaniyo, kutanthauza liwu limodzi lokha lachilendo pa mawu 50. Kuti ufike pamenepo powerenga nyuzipepala ndi mabuku a nthano pamafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000, ndipo pomvetsera 6,000 mpaka 7,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi ana ake, monga "help", "helpful" ndi "helpless". CET-4 imayembekezera mawu pafupifupi 4,500. Choncho wokhoza CET-4 akatsegula nyuzipepala ya ku London n'kupeza kuti ikumuvuta, sikuti ndi mbuli. Mtunda udakalipo wautali, ndipo palibe adamuuza.

Yankho la ophunzira ambiri ndi kuloweza mawu ochuluka. Pali mabuku onenepa a mindandanda ya mawu, komanso maapu a pafoni ngati Baicizhan ndi Shanbay omwe amakuwerengera masiku omwe waloweza mosadumphitsa. Apa m'pomwe padachokera nthabwala yomwe wophunzira aliyense wa ku China amaidziwa. Mabuku ambiri oterewa amayamba ndi A, ndipo limodzi mwa mawu oyambirira ndi "abandon", kutanthauza kusiya kapena kutaya. Munthu amagula buku ndi mtima wonse, kuloweza tsamba loyamba, kutopa, kulisiya. Mwezi wamawa ayambiranso pa "abandon". Amati ndi liwu lokhalo lomwe dziko lonse lidaloweza bwino, ndipo adalimveradi.

Ena adayesa njira yaphokoso. Li Yang, malinga ndi momwe amafotokozera mwini wake, ankalephera Chingerezi pa Lanzhou University kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mpaka adayamba kupita panja kukawerenga mokuwa tsiku ndi tsiku, ndipo patatha miyezi inayi adakhala nambala 2 pasukulupo pa CET-4. Adayambitsa Crazy English, n'kumadzaza mabwalo a masewero ndi anthu zikwizikwi akukuwa ziganizo za Chingerezi limodzi. Manyazi adawachotsadi anthu ambiri. Koma kukuwa kumaphunzitsa pakamwa. Ukamakuwa, yemwe ukumumva ndi iwe wemwe ndi mnzako wa pambali, nonse katchulidwe kofanana.

Chodabwitsa n'chakuti m'badwo wa makolo awo, womwe udalibe foni, udayamba ndi khutu. Mu 1982 kanema wa boma adayamba kuonetsa Follow Me, pologalamu ya BBC yophunzitsa Chingerezi, ndipo anthu mamiliyoni ankakhala pansi madzulo kuitsatira, moti mphunzitsi wake Kathy Flower adasanduka mmodzi mwa azungu odziwika kwambiri m'dzikomo. Ena ankasaka VOA Special English pawailesi, nkhani zowerengedwa pang'onopang'ono ndi mawu osankhidwa pafupifupi 1,500. Zida zidali zochepa, ndiye kaseti imodzi ankaimvetsera mpaka kutha. Lero mwana ali ndi mafilimu onse m'thumba, koma pafupifupi onse ali ndi mawu a Chitchaina m'munsi. Maso amathamangira kumeneko, khutu n'kupita kutchuthi. Zili ngati ife ndi mafilimu a kung fu omasuliridwa m'Chichewa m'mavidiyo sho: taonera mazanamazana, koma ndani adatolapo Chitchaina?

Mwa njira zonse zomwe ophunzira a ku China amagwiritsa ntchito, yomwe ine ndimaipatsa ulemu ndi yosasangalatsa kwenikweni. Amaitcha jingting, kumvetsera mofatsa. Umatenga kachidutswa ka mphindi imodzi kapena ziwiri komwe mawu ake olembedwa alipo, koma osawaona kaye. Umamvetsera konse kamodzi kuti udziwe nkhani yake. Kenako chiganizo chimodzichimodzi, kuimitsa, kulemba zomwe wamva, kubwereza katatu kapena kanayi, pomwe pakukanika kusiya mpata. Ukamaliza m'pomwe umatsegula mawu olembedwa n'kufananiza. Phindu lonse lili pa kufananizapo, chifukwa umaona ndi maso ako kuti zomwe zidakudutsa si mawu akuluakulu ayi, ndi "would have", "at all", "there's a", tinthu ta ku pulayimale. Ndiye umamvetseranso uku ukuyang'ana, kenako kutsanzira wolankhulayo mpaka pakamwa pako pachite zomwe pake pakuchita. Mphindi imodzi ikhoza kukudyera theka la ola. Chokoma chake kwa ife a mabandulo operewera n'chakuti kachidutswa kotere ukakatsitsa kamodzi kakukwanira sabata.

Payokha njirayi siyikwanira. Imafuna inzake, yomvetsera ndi kuwerenga zambiri zosavuta popanda dikishonale, zomwe amati fanting ndi fandu. Apa m'pomwe kunyada kumapweteketsa anthu. Wophunzira wa ku yunivesite amaona ngati kuwerenga kabuku kofewetsedwa n'kudzitsitsa, ndiye amagula buku lalikulu lotchuka, kulimbana ndi masamba asanu, basi "abandon". Chikhalirecho masamu a Nation aja akunena zomveka: ngati pa mzere uliwonse pali liwu lachilendo, sukuwerenga, ukufukula. Liwiro limabwera ukamakumana ndi mawu omwewo kambirimbiri m'nkhani zomwe ukuzimva, mpaka ubongo kusiya kuwamasulira.

Zonsezi zikuchitika pomwe dziko la China lenilenilo likukangana ngati Chingerezi chikuyenerabe mpando womwe chidapatsidwa. Mu 2021 Xu Jin, membala wa bungwe lolangiza boma la CPPCC, adapempha kuti chichotsedwe pa maphunziro akuluakulu a ku pulayimale ndi sekondale, ponena kuti chimadya nthawi yambiri pomwe ochigwiritsa ntchito akamaliza sukulu ndi ochepa, komanso makina omasulira alipo. Chaka chomwecho boma lidakhwimitsa malamulo pa makalasi olipira a ana asukulu, zomwe zidagwedeza makampani ngati New Oriental, yomwe Yu Minhong adayambitsa mu 1993 pophunzitsa anthu mayeso a Chingerezi opitira kunja. Mu September 2023 Xi'an Jiaotong University, imodzi mwa sukulu zapamwamba m'dzikomo, idalengeza kuti sidzafunanso zotsatira za mayeso a Chingerezi kuti munthu alandire digiri. Pa Weibo anthu ambiri adaombera m'manja.

Ndikuwamvetsa. Unduna wa zamaphunziro sudalamulepo kuti CET ikhale chiphaso cha digiri, adali mayunivesite okha omwe adamangirira ziwirizi, ndipo n'zopweteka kuti injiniya wodziwa ntchito yake akanizidwe pepala kaamba ka mphindi 25 za pa FM. Ife a MSCE, komwe kulakwa Chingerezi kumagwetsa satifiketi yonse ngakhale utakhoza masamu ndi sayansi, ululu umenewu si wachilendo. Koma mfundo ya makina omasulira ndimaikayikira. Foni ikhoza kukumasulirani kalata, inde. Pa zokambirana za mtengo wa katundu, pomwe wina wanena "we could do that" ndi kamvekedwe kosonyeza kuti sakufuna, foni imakupatsani mawu okha, kamvekedweko n'kutsala. Ndipo amene adzasiye Chingerezi poyamba si ana a mabwana a ku Shanghai ndi Beijing, omwe makolo awo apitiriza kulipira aphunzitsi apadera. Ndi ana a kumudzi, omwe kalasi la kusukulu ndi mayeso a CET ndiye khomo lokhalo lomwe adali nalo.

Pakadali pano msika wa ntchito sudasinthe maganizo. Zotsatsa ntchito zambiri za makampani akuluakulu, mabanki ndi maofesi ena a boma zimatchulabe CET-4 kapena CET-6, ndipo ofuna digiri yachiwiri amakumananso ndi pepala la chiyankhulo chakunja pa mayeso olowera. Ofuna kupita kunja amadikiridwa ndi IELTS kapena TOEFL, komwenso mawu amamveka kamodzi kokha. N'chifukwa chake ngakhale omwe adadutsa kale 425 ambiri amalembanso kuti akweze malikisi, ena katatu kapena kanayi. Mpata umenewu uli ndi malire, pakuti CET amalemba ndi okhawo omwe adakali pasukulu. Ukangovala gauni, nambala yomwe uli nayo ndi yomwe uziyenda nayo m'maofesi pofunsira ntchito.